Kukoka kalavani kupita kumabwinja a golide a ku Western Australia

Funso: Ndine namwino, ndimakhala ku Perth ndi amuna anga ndi ana athu awiri. Bambo anga akubwera kuchokera ku Dedza kudzacheza nafe. Ali ndi zaka 74, ndipo paunyamata wawo anagwirako ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Tikufuna kubwereka kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, kuti tikawaonetse matauni akale a golide: Coolgardie, Kalgoorlie, Leonora mpaka Cue. Tili ndi masiku khumi patchuthi cha Khrisimasi, ndipo sitinakokepo kalavani. Kodi n'zotheka?

Yankho: Achemwali, maganizo anuwo ndi abwino, ndipo bambo akasangalala kuposa mmene mukuyembekezera. Koma pa Khrisimasi ayi. Ndagwira ntchito yokonza mathiraki kumigodi ya kumeneko kwa zaka zambiri, ndipo misewu mukuitchulayi ndakokamo kalavani ndi banja langa maulendo ochuluka. M'Disembala ndi m'Januwale kutentha kumadutsa madigiri 40 masiku ena, ndipo n'kutentha kouma. Thukuta limauma lisanatsike pamphumi, moti munthu sazindikira kuti madzi akumuthera m'thupi mpaka mutu utayamba kuwaza. Inu monga namwino mukudziwa zimene zimenezi zimachita kwa munthu wa zaka 74. Tayala likakuphulikirani masana pakati pa Menzies ndi Leonora, amuna anu adzagwada paphula lootcha, bambo ndi ana ali pambali popanda mthunzi wooneka. Komanso nyengo imeneyo boma limaletsa moto wapanja masiku ambiri, choncho kuotha moto madzulo, komwe ndi theka la kukoma kwa ulendowu, kudzakudutsani.

Nyengo yake ndi kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Ana amatsekera sukulu m'Julayi komanso kumapeto kwa Seputembala. M'Julayi masana kumakhala bwino, koma usiku kumazizira mpaka kufika pafupi ndi zero, kuposa Dedza wa m'Juni, ndiye mabulangete asachepe. Kumapeto kwa Seputembala, ngati mvula inagwa bwino m'nyengo yozizira, mumapeza maluwa akutchire atayala m'mbali mwa msewu. Pewani kumayambiriro kwa Ogasiti, chifukwa ku Kalgoorlie kumakhala msonkhano waukulu wa amigodi wotchedwa Diggers and Dealers ndipo malo ogona amadzaza. Ngati tikiti ya bambo singasinthike, kalavani muisiye. Kwerani sitima ya Prospector kuchokera ku East Perth, imatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri, mukagone m'hotela ku Kalgoorlie masiku atatu, muziyenda m'mamawa ndi madzulo okha. Zotsalazi ndikulemba poganiza kuti ulendo mwausunthira m'nyengo yozizira.

Tiyambe ndi nkhani yomwe anthu ambiri amailumpha, ya kulemera. Amene sanakokepo kalavani amangofunsa kuti galimoto yake imatha kukoka makilogalamu angati, akamva nambala yaikulu mtima n'kukhala pansi. Vuto nthawi zambiri silikhala pamenepo. Limakhala pa katundu amene galimotoyo payokha imaloledwa kunyamula. Tsegulani chitseko chakutsogolo kapena boneti, mupeza kachitsulo kolembedwa GVM, komwe ndi kulemera kwa galimoto itanyamula zonse. Kalavani nayo ili ndi kachitsulo kake kolembedwa ATM, komwe ndi kulemera kwa kalavaniyo itanyamula zonse. Ndiye pali kulemera komwe mkono wa kalavani umatsamira pachitsulo chokokera kumbuyo kwa galimoto, komwe kawirikawiri kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa kalavaniyo, ndipo kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto. Tiyerekeze kuti galimoto yanu imaloledwa katundu wa makilogalamu 600. Akulu atatu ndi ana awiri mwatha kale 300. Kalavani ya matani awiri yatsamira ndi 200. Mwatsala ndi 100 basi, ndipo simunaikemo filiji, zigubu, tayala lachiwiri lapadera kapena zipangizo. Kumbukiraninso kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mukalemetsa, mabuleki amachedwa kugwira, chiwongolero chimapepuka, ndipo mukachita ngozi a inshuwalansi akhoza kukukanirani.

Choncho bwerekani kalavani yaing'ono kusiyana ndi imene maso akukhumba. Wina akhoza kugona mutenti pambali, ana amakonda zimenezo. Katundu wolemera muziika pansi, pamwamba pa matayala a kalavani, osati kumchira. Galimoto ikhale ndi kachipangizo koyendetsa mabuleki amagetsi a kalavani, chifukwa lamulo limafuna kuti ngolo yopitirira makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki ake. Mukapakira zonse, anthu ali momwemo ndi mathanki odzaza, pitani pasikelo ya magalimoto mukayeze. Ndipo funsani mwini kalavani, alembe papepala, ngati akulola kuti ipite pamsewu wafumbi. Ambiri obwereketsa salola. Munthu saloledwa kukhala m'kalavani ikamayenda, ngakhale bambo atatopa bwanji.

Pamsewu, liwiro lololedwa pokoka ngolo ku Western Australia ndi makilomita 100 pa ola, ngakhale chikwangwani chitalemba 110. Ine ndimayenda pa 90. Mafuta amatsika msanga. Yanga imamwa pakati pa malita 15 ndi 20 pa makilomita 100 ikamakoka, makamaka mphepo ikamachokera kutsogolo. Thirani paliponse pomwe mwapeza thanki ikafika theka. Mudzakumana ndi mathiraki okoka ngolo zitatu kapena zinayi, otalika mamita oposa 50, omwe kumeneko amawatcha road train. Gulani kawailesi ka ovaova, muike pa tchanelo 40 pomwe madalaivala amalankhulirana. Thiraki ikakuyandikirani kumbuyo musaponde buleki modzidzimuka, chifukwa iyo singaime msanga, komanso ikataya liwiro imavutika kulibweza. Muuzeni dalaivala kuti mwamuona, sungani liwiro lanu, akatulukira kumbali n'kufanana nanu m'pamene muzichotsa phazi pang'ono. Mphepo yake imakoka kalavani kenako n'kuikankha. Ikayamba kugwedeza mchira, gwirani chiwongolero mowongoka, chotsani phazi pamoto, finyani kabatani ka mabuleki a kalavani okha. Mukaona galimoto ya nyali zachikasu ikutsogolera katundu wotambalala, tulukani mumsewu muime ndithu. Nthawi zina chimabwera ndi chibeseni cha thiraki ya mumgodi chodzaza msewu wonse. Dzuwa likapendeka mukhale mutafika kale pogona. M'bandakucha ndi chisisira ndi nthawi ya akangaru, mbalame zazikulu za emu zonga nthiwatiwa, mbuzi zakutchire ndi ng'ombe zopanda mpanda. Ziwombankhanga zikamadya nyama yogundidwa zimachedwa kuuluka, muziimbira hutala muli patali.

Tsopano ulendo weniweni. Kuchokera ku Perth kufika ku Kalgoorlie ndi makilomita pafupifupi 600 pamsewu wa Great Eastern Highway. Musayese tsiku limodzi. Gonani ku Merredin kapena ku Southern Cross. Njira yonseyi mudzakhala ndi mnzanu wa paulendo, chipaipi chachikulu chamadzi choyenda m'mbali mwa msewu, nthawi zina kumanja, nthawi zina kumanzere. Musachione ngati chinthu wamba, chifukwa mbiri yonse ya matauni mukupitawa yagona m'chipaipi chimenechi. Golide anapezeka m'dziko lopanda mtsinje. Mu 1892 Arthur Bayley ndi William Ford anatola golide pamalo otchedwa Fly Flat, pomwe pali Coolgardie lero, ndipo Bayley anafika ku Southern Cross ndi maaunsi 554. Mu Juni 1893 Paddy Hannan, Tom Flanagan ndi Dan Shea anapeza wina pomwe pali Kalgoorlie. Anthu anakhamukirako miyandamiyanda, ena akukankha wilibala kuchokera kugombe. Madzi ankawapeza pophika madzi a mchere n'kutapa nthunzi yake, ndipo ankagulitsidwa pagaloni. Kusamba kunali kwa olemera. Taifodi inapha anthu ambiri, makamaka anyamata. Injiniya wa boma C. Y. O'Connor ndiye anakonza zomanga damu ku Mundaring, kumapiri a kufupi ndi Perth, n'kukankha madzi kukwera mtunda makilomita oposa 500 kudzera m'malo opopera asanu ndi atatu. Manyuzipepala ndi andale ena anamunyoza kwambiri, ndipo anadzipha mu Malichi 1902. Madzi anafika ku Kalgoorlie mu Januwale 1903, ndipo mpaka lero tauniyo imamwa a m'paipi yomweyo. Ku Cunderdin, panjira panu, nyumba yopopera yachitatu anaisandutsa malo osungiramo zakale. Imani ana akaone kukula kwa mainjini a nthunzi.

Posowa madzi otsukira dothi, okumba oyamba ankalekanitsa golide ndi mphepo. Ankanyamula dothi louma m'beseni, n'kulithira kuchokera m'mwamba kugwera m'beseni lina, mphepo n'kutenga fumbi, cholemera n'kutsala. Ndi kuuluza kwenikweni, monga amayi amachitira ndi mapira padwale. Bambo akadzaona zipangizo zake ku Coolgardie sadzafuna womasulira.

Coolgardie ipatseni usiku umodzi ndi m'mawa wonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 munali anthu pafupifupi 15,000, ndipo inali tauni yachitatu kukula m'dera lonse la Western Australia. Lero ndi yaing'ono, yachete, koma msewu wake waukulu wa Bayley Street ndi wotambalala modabwitsa, akuti kuti mzere wa ngamila uzitha kutembenuka. Ngamilazo zinkayendetsedwa ndi Asilamu ochokera ku Afghanistan ndi madera oyandikana nawo, ndipo ndi iwo ankanyamula chakudya, madzi ndi zitsulo njanji isanafike. Manda awo ali chakumapeto kwa manda a tauniyo. Pitaniko. Werengani zaka zolembedwa pamiyala ya anyamata aja, zambiri zili m'ma 20. M'nyumba yakale ya khoti, yomangidwa mu 1898, muli malo osungiramo zakale, ndipo muli nkhani imene ndikufuna bambo akaimve ali chikhalire. Mu Malichi 1907 mvula yamkuntho inasefukira mumgodi wa ku Bonnie Vale, kufupi ndi Coolgardie. Onse anathawa kupatula Mtaliyana wina, Modesto Varischetti, yemwe anatsekeredwa m'kangodya momwe mpweya unakanirira madzi. Anzake anamumva akugogoda thanthwe. Sitima yapadera inabweretsa zovala zomirira m'madzi kuchokera ku Perth, ndipo Frank Hughes ankamira mumdima tsiku ndi tsiku kumupititsira chakudya ndi makandulo, kwinaku ena akupopa madzi. Anamutulutsa wamoyo patatha masiku asanu ndi anayi. Munthu amene analowapo pansi pa nthaka amaimva nkhaniyi mosiyana ndi ife, ndiye musawafulumizitse kutuluka.

Kuchokera apo, Kalgoorlie ili pa makilomita 40 okha. Iyi si bwinja, ndi mzinda wamoyo, ndipo ndi malo omaliza okhala ndi masitolo akuluakulu, chipatala chachikulu ndi amakaniko a chilichonse. Masulani kalavani pamalo ogonera makalavani, pomwe pali magetsi, madzi ndi mabafa, mukhale mausiku awiri kapena atatu. Kwerani pamalo oonera Super Pit, chidzenje cha mgodi chotalika makilomita pafupifupi atatu ndi theka, chakuya mamita oposa 600, momwe mathiraki aakulu ngati nyumba amaoneka ngati nyerere. Funsani ku ofesi ya alendo nthawi yomwe aphulitse miyala tsiku limenelo. Ku Hannans North ana amakwera pathiraki ya mumgodi n'kuyesa kusefa golide m'beseni. Pamsewu wa Hannan Street pali chiboliboli cha Paddy Hannan atakhala pansi, ndipo chimene wanyamula si golide, ndi thumba la madzi, lomwe analipanga kukhala mpopi womwerapo odutsa. Masana ena thamangani ku Kanowna, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda. Munkakhala anthu oposa 12,000, koma lero mupeza misewu yafumbi ndi tizikwangwani tonena kuti apa panali hotela, apa panali positi ofesi. Palibe khoma ngakhale limodzi loti n'kutsamira.

Gulani zonse musanachoke: nyama, ndiwo zamasamba, mankhwala a bambo okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera. Ufa ndiye muchoke nawo ku Perth, kumpoto kuja simukaupeza. Gulaninso tizisoti ta ukonde tophimba kumaso, chifukwa ntchentche za kumeneko zimathamangira m'maso ndi m'mphuno kufuna chinyezi.

Ukadutsa Kalgoorlie kulowera kumpoto pamsewu wa Goldfields Highway m'pamene dziko lomwe eni ake amalitcha outback limayambira kumveka m'thupi. Dothi ndi lofiira ngati katondo, mitengo imafupika, ndipo ukhoza kuyenda nthawi yaitali osakumana ndi nyumba. Msewu ndi wa phula mpaka ku Leonora, makilomita 235. Pa Broad Arrow patsala kahotela kamodzi ka malata komwe makoma ake alendo analembapo maina mpaka kudenga. Menzies ili pa makilomita pafupifupi 130, ndipo nsanja ya holo yake inakhala yopanda wotchi pafupifupi zaka 100, mpaka anaiikamo pofika 2000. Kuchokera pa Menzies, makilomita 51 kumadzulo, kuli Lake Ballard, nyanja ya mchere youma pomwe Antony Gormley anaimika zifaniziro 51 zachitsulo mu 2003, zopangidwa potengera matupi a anthu a ku Menzies komweko. Zamwazikana patali patali pamchere woyera, moti ukafika pa chimodzi umaona china chikukudikira kutsogolo. Pitani m'mamawa, mutavala nsapato zoti zide, chifukwa pansi pa mcherewo pali thope lofiira lomata.

Apa ndiye langizo langa lalikulu: kalavani izitsala pamalo ogona, kumisewu yafumbi muzipita ndi galimoto yokha. Ndinaphunzira izi movutika. Ulendo wina tinalowa ndi kalavani pamsewu wafumbi wa m'dera lomwelo, wa timizere topingasa tonga malata. Zonse zinkanjenjemera. Titaima madzulo mayi a kunyumba anatsegula mpopi kuti atereke madzi a nsima, mpopi n'kungotulutsa mpweya. Nditasuzumira pansi ndinapeza kuti mwala wothamangitsidwa ndi tayala wathyola kampopi kapulasitiki ka pansi pa thanki, ndipo malita 80 onse anathera mumsewu. Pansi pake panali kadontho kamodzi kakulendewera, kofiira ndi fumbi. Chinatipulumutsa ndi zigubu ziwiri za malita 20 zomwe zinali m'galimoto. Kuyambira tsiku limenelo madzi akumwa sindiwaika malo amodzi. Werengerani malita osachepera asanu pamunthu patsiku akumwa ndi kuphikira, muonjezere a masiku awiri apadera, ndipo ena akhale m'zigubu zosiyana ndi thanki. Ngati mwalowa pafumbi, phwetsani matayala pang'ono, chepetsani liwiro, ndipo mukabwerera paphula muwapope. Kapampu kamagetsi n'kofunika. Mvula ikagwa, makhonsolo amatseka misewu yafumbi, ndipo wolowamo amalipitsidwa. Musagone m'khwawa louma ngakhale mchenga wake utaoneka wosalala bwanji. Madzi saiwala khwawa, ndipo kumeneko amabwera kuchokera kumvula yomwe yagwa kutali inu osaiona.

Netiweki imatha mukangotuluka m'tauni. Ya Telstra ndiyo imafika malo ambiri, koma nayonso ili ndi mipata yaitali. Bwerekani kapena gulani kachipangizo koitanira thandizo kudzera pa setilaiti, kotchedwa PLB, ndipo wina ku Perth adziwe komwe mukugona usiku uliwonse. Galimoto ikafa, musaisiye n'kuyamba kuyenda pansi. Ofufuza amaona galimoto msanga kusiyana ndi munthu, ndipo mthunzi ndi madzi zili pagalimotopo. Madokotala oyenda pandege a Royal Flying Doctor Service ali ndi malo awo ku Kalgoorlie, koma onetsetsani kuti bambo ali ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya alendo, poti Medicare, thandizo la boma la Australia pa zachipatala, siwakhudza.

Pakati pa Menzies ndi Leonora pali msewu wokhotera ku Kookynie. Mu 1907 munali anthu pafupifupi 3,500. Lero mungawawerenge ndi zala, koma Grand Hotel ikadalipo ndi khonde lake lalitali. Chapafupi pali Niagara Dam, damu lomwe linamangidwa cha mu 1897 ndi simenti yomwe mbali ina ya ulendo wake inabwera pamsana pa ngamila. Litangotha, madzi abwino apansi anapezeka ku Kookynie, damulo n'kukhala lopanda ntchito yomwe analimangira. Ndi malo abwino kugonapo usiku umodzi. Tinaphikapo nsima mphepo ikuzimitsa gasi, mpaka tinatchinga chitofu ndi tebulo logoneka chammbali, ndipo titadya tinazimitsa nyali zonse. Nyenyezi za pamenepo zinandikumbutsa kumudzi magetsi asanafike.

Koma malo omwe ndikufuna mukakhalitse ndi Gwalia, makilomita ochepa kuchokera pa Leonora. Mausiku awiri, osachepera. Mgodi wa Sons of Gwalia unayamba mu 1896, ndipo Gwalia ndi dzina lakale la dziko la Wales. Mu 1898 woyang'anira wake anali mnyamata wa ku America wa zaka 23, Herbert Hoover, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wa United States kuyambira 1929 mpaka 1933. Nyumba ya bwana yomwe anakonza ikadali pamwamba pa chitunda, ya njerwa, ya khonde lozungulira, ndipo lero imayang'anizana ndi chidzenje cha mgodi womwe unatsegulidwanso m'zaka za m'ma 1980. Alendo ambiri amathera nthawi yawo pamenepo. Inu mutsike kumunsi, kumene kunkakhala antchito.

Hoover, pofuna kuchepetsa ndalama zoyendetsera mgodi, anayamba kulemba Ataliyana, ndipo m'kupita kwa zaka Gwalia inadzaza ndi anthu ochokera ku Italy ndi ku Yugoslavia. Ankadzimangira okha tinyumba ndi chilichonse chomwe apeza: malata otha, mitengo yakutchire, ziguduli zopaka laimu m'malo mwa makoma a m'kati, manyuzipepala omata potseka mphepo. Pansi pena ndi dothi lopondedwa. Mgodi unatsekedwa kumapeto kwa Disembala 1963, ndipo pasanathe milungu itatu anthu anatsika kuchoka pa 1,200 kufika pa 40. Anakwera sitima ndi zomwe akanatha kunyamula m'manja. Anthu odzipereka anakonzanso tinyumba tina, ndipo mukhoza kulowamo. Mupeza bedi lachitsulo, ketulo pachitofu cha nkhuni, mabotolo pawindo, nsapato pansi pa mpando. Chitseko n'chachifupi, munthu wamtali amawerama. Mphepo ikawomba lata lomasuka limalira, ndipo palibenso phokoso lina. Mupezanso kabati ya ukonde yokutidwa ndi chiguduli chonyowa, yomwe amaitcha Coolgardie safe, yosungiramo nyama ndi batala. Imazizira ndi mphepo monga madzi a mumtsuko.

Amenewa anali alendo m'dziko la eni, otumiza ndalama kwawo, ogwira ntchito yoopsa kwambiri, odwala chifuwa cha fumbi la miyala, ndipo nthawi zina odedwa. Mu Januwale 1934 ku Kalgoorlie ndi ku Boulder, tauni yoyandikana nayo, magulu a anthu anaotcha nyumba, mahotela ndi masitolo a Ataliyana ndi Asilavu. Bambo anu anapita ku Joni m'masiku a Wenela, anagona m'komponi, anatsika m'chikepe kusanache. Sindikunena kuti moyo wa ku Gwalia unali wofanana ndi wa pansi pa tsankho la ku South Africa. A ku Gwalia ankatha kubwera ndi akazi awo, kulima mphesa kuseri kwa nyumba, ndi kuchoka akafuna. Koma fungo la ntchitoyo ndi limodzi. Akakalowa m'kanyumba kamodzi n'kukhala chete, asiyeni. Akayamba kulankhula, ana akhale pafupi ndipo foni ijambule mawu, chifukwa zina zimene akanene pamenepo mwina sanakuuzenipo. Pafupi ndi malo osungiramo zakale a ku Gwalia pali poimika makalavani okhala ndi chimbudzi ndi thanki yawoyawo ya madzi akuda. Ngati yanu ilibe, gonani pamalo a makalavani ku Leonora.

Muwauzenso ana kuti dzikoli silinali lopanda anthu golide asanapezeke. Ndi la Awangkatha ndi mitundu ina ya Aaborijini, omwe ankadziwa maenje a m'matanthwe osunga madzi a mvula, n'kumawavundikira kuti asaume. Okumba golide ambiri anapulumuka chifukwa cholondoleredwa kumaenje amenewo, kenako ngamila ndi akavalo awo anawamwa mpaka kuuma, eni ake n'kukankhidwira kumbali. Mudzakumana nawo ku Leonora, ku Menzies ndi ku Kalgoorlie. Apatseni moni monga tichitira kwathu, musajambule munthu osapempha, ndipo pomwe alemba kuti ndi malo opatulika musalowepo.

Za kutola golide, poti amuna anu adzafunsa ndithu: pamafunika chiphaso chotchedwa Miner's Right, chomwe chimagulidwa ku dipatimenti ya boma yoona za migodi, ndipo sichikupatsani ufulu wolowa paliponse. Malo ambiri ali kale m'manja mwa makampani, ndipo pamafunika chilolezo chawo cholembedwa kapena chiphaso china. Choopsa chachikulu ndi zidzenje zakale. Zilipo zambirimbiri, zina zopanda mpanda, zina zobisika ndi zitsamba, ndipo milomo yake imagumuka. Mwana asathamange patsogolo pamabwinja alionse, ndipo mulu wa dothi loyera ukaoneka, dziwani kuti dzenje lili pompo. Galu musatenge, m'tchire amatayamo nyambo za poizoni wa 1080 zophera agalu akutchire ndi ankhandwe. Botolo lakale kapena chitsulo chomwe mwachiona pabwinja chisiyeni pomwepo.

Nanga Cue? Ndi yokongola, ya nyumba zamiyala, ndipo pafupi pake pali bwinja la Big Bell ndi thanthwe la Walga Rock lokhala ndi zojambula za Aaborijini. Njira yochokera ku Leonora kudzera ku Leinster, Sandstone ndi Mount Magnet ndi ya phula. Koma kuzungulira konseko ndi makilomita pafupifupi 2,000 osawerengera zokhotakhota, ndipo pobwerera mudzatsika ndi Great Northern Highway yodzaza mathiraki. M'masiku khumi zikutanthauza kumanga ndi kumasula kalavani pafupifupi tsiku lililonse, dalaivala wake woyamba kumene, nkhalamba ili pampando wakumbuyo. Mukapeza masabata awiri athunthu, pitani. Ndi masiku khumi, thereni pa Gwalia n'kubwerera: usiku umodzi panjira, umodzi ku Coolgardie, iwiri ku Kalgoorlie, umodzi ku Menzies kapena ku Niagara Dam, iwiri ku Gwalia, umodzi pobwerera, ndipo tsiku lotsalalo likhale la mvula, la tayala, kapena la bambo akatopa.

Kusanatsale milungu iwiri kuti munyamuke, itengeni kalavaniyo Loweruka limodzi. Pitani pabwalo lopanda magalimoto, amuna anu aphunzire kubwerera m'mbuyo inu mukuwalondolera muli poti akukuonani pagalasi, kenako musinthane, chifukwa tsiku lina adzadwala mutu ndipo chiwongolero chidzakhala chanu. Yesani kusintha tayala la kalavani ndi jeke yomwe muli nayo, muone ngati sipanala ikukwana. Mukatero kwerani mapiri mukagone usiku umodzi kufupi ndi Mundaring, muyatse chitofu, muyese filiji pa batire, mulembe zonse zomwe mwaiwala. M'mawa mutsikire kudamu, bambo akaone nyumba yopopera yoyamba ndi pomwe chipaipi chija chimayambira.